Dzanja la Bambo pa Diso la Kanema

Fungo la nzimbe zopsa silinandichokebe m'mphuno mpaka lero. Ku Nchalo nyengo yodula ikafika ankayamba atentha minda kuti masamba apse, ndipo utsi wake unkabwera wotsekemera ngati shuga wopserera pansi pa poto. Kenako phulusa lakuda linkagwa pang'onopang'ono pa malaini onse a nyumba za antchito, pa zovala zoyanika, m'madzi a mumtsuko, ngakhale m'tsitsi mwathu. Mayi ankalitukwana phulusalo m'Chisena, ati Chichewa n'chofewa, sichifika poyabwa. Kutentha kwa ku Chigwa cha Shire simungakudziwe ngati simunagoneko. Pofika masana malata a nyumba ankalira okha, agalu ankagona m'ngalande malilime ali panja, ndipo ife ana tinkayenda modumphadumpha chifukwa dothi linkawotcha mapazi.

Bambo anga anali kalaliki m'sitolo ya zipangizo ya kampani ya shuga, koma anthu sankawadziwira ntchito imeneyo. Ankawadziwa kuti ndi a kanema, chifukwa Loweruka lililonse ndiwo ankayendetsa makina oonetsera mafilimu mu holo ya antchito. Masiku amenewo dziko lathu linalibe wayilesi ya kanema, ndiye holo ija inkadzaza mpaka ena kukhala pa mazenera. Mafilimu ankabwera pa lole kuchokera ku Blantyre, m'zitini zozungulira zonunkha dzimbiri. Anali akalekale, ena akale kuposa bambowo, okalikakalika moti pa khoma pankaoneka ngati kukugwa mvula nthawi zonse. Bambo ankawakonda mafilimu amenewo monga ena amakondera kwaya ya ku tchalitchi, ndipo munthu akanena kuti ndi akale ankamuyang'ana ngati watukwana malemu.

Ankati filimu ili ngati chakudya, khanda sulipatsa mlamba wa minga. Choncho anali ndi makwerero awo a ana. Mwana akayamba sukulu ankaloledwa kuonera oseketsa okha, aja opanda mawu, a anthu ogwa m'matope ndi kuthamangitsana. Akakulako ankaonera a nyama za m'tchire ndi a zombo za pa nyanja. A anthu okwera mahatchi ndi mfuti m'chiuno anali a mwana amene wakwanitsa zaka khumi, osati kuchepera apo ngakhale ndi mwezi umodzi. Kanema wa ana ankachitika masana, mazenera atatsekedwa ndi masaka, ndipo bambo ankaima pakhomo kubweza aliyense wosafika msinkhu. Ine mwana wawo weniweni anandibwezapo anzanga akuona, ndinalira njira yonse mpaka kunyumba.

Chimene ankaopa kwambiri chinali chimodzi, mwamuna ndi mkazi kuyandikana. A boma ounika makanema ankadula kale malo otere, moti nthawi zina awiriwo ankangoyamba kuyang'anana, kenako mwadzidzidzi kwacha, mkazi akuthira tiyi. Koma bambo sankakhulupirira lumo la munthu wina. Ankaonera filimu iliyonse okha Lachisanu, n'kuloweza pamene pali zochititsa manyazi. Tsiku loonetsa, malo aja akamayandikira, ankatambasula dzanja n'kuphimba diso la makina. Holo yonse inkachita mdima, anyamata ankaimba malikhweru ndi kukuwa kuti achotse dzanja, koma iwo ankangoima phee mpaka zitadutsa. Ankati mu holo mumakhala munthu ndi apongozi ake, mwana ndi make, ndiye sangalole kuti anthu atuluke akulephera kuyang'anana.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi chimene Chanaze anabwera. Anali msuweni wanga, mwana wa achimwene awo a mayi, amene ankakhala kutsidya kwa malire, ku Mozambiki. Kumeneko kunali nkhondo, koma ife nkhondoyo tinkaitchula motsitsa mawu, chifukwa masiku amenewo ngakhale khoma linkamva, ndipo nkhani za maboma sizinali za pakhonde. Anthu ankangowoloka ku Marka ndi mitolo pamutu, ena opanda ndi mtolo womwe. Tsiku lina masana kunafika mayi wina woonda, miyendo yotuwa ndi fumbi, atagwira dzanja la kamtsikana ka maso aakulu. Kamtsikanako kanali Chanaze, ndipo mayiyo anali mng'ono wawo wa amake, dzina lawo a Rozina. Analankhula ndi mayi m'Chisena kuseri kwa khitchini, ndipo ndinamva mayi akulira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Ife ana anangotiuza kuti amalume ndi akazi awo kulibenso.

Pa mwambo wa Chisena mwana ndi wa kuchimuna, ndiye mayi anati Chanaze atsale nafe, magazi a mchimwene wawo asakakulire mu msasa wa othawa nkhondo. A Rozina sanatsutse mwambo. "Mwana ndi wanu, mlamu," anatero. "Koma chichokereni kwathu sanalankhule, ndipo akadzidzimuka amafuna ine. Ndimusiya mpaka mvula yoyamba. Ndikadzapeza akulankhula ndi kusewera, akhale. Ndikadzapeza ali chomwechi, ndidzamutenga, musadzandiletse." Mayi anavomera, bambo anavomera, ndipo a Rozina anabwerera ku msasa wa ku Nsanje madzulo omwewo. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu tonse tinali pa ntchito imodzi, kuti Chanaze alankhule mvula isanagwe.

Ine ndinabadwa pakati pa anyamata okhaokha, ndiye ndinamulandira ngati mvula ya chizimalupsa. Ndinamugawira mphasa yanga, diresi langa la maluwa, ndi masawu amene ndinkabisa m'chitini. Koma anali mwana wovuta kusewera naye. Ankadya mofulumira atatembenukira kukhoma, ndipo chidutswa cha mbatata ankachibisa m'chiuno mwa diresi. M'mawa ndinkamupeza atachoka pa mphasa, atadzipinda kunsi kwa bedi la mayi. Akayatsa minda ya nzimbe, moto ukuthetheka chapatali, iye ankalowa m'nyumba n'kukhala kuseri kwa chitseko mpaka utsi utatha. Ndinkamuphunzitsa phada, iye ankaponya mwala bwino kundiposa, koma osaseka, osadandaula akaphonya. Ana a pa malaini anayamba kumutcha bubu, ndipo ndinamenyana ndi mtsikana wina wamkulu chifukwa cha dzina limenelo mpaka ndinang'ambitsa malaya.

Mayi anayesa zawo. Anamutengera ku tchalitchi kuti amupempherere, anamuphikira nyika, timizu ta m'madambo, ndi nsomba zouma monga ankadyera kwawo, anamuimbira nyimbo za Chisena pomuluka tsitsi. Bambo ankangoyang'ana, kenako tsiku lina anati mankhwala ali nawo iwo. Loweruka limenelo kunali filimu yoseketsa, ya munthu wopenta nyumba amene makwerero ake ankangoterereka, ndowa ya penti n'kumuvala kumutu. Tinakhala kutsogolo penipeni pa benchi. Poyamba Chanaze anagwira mkono wanga mwamphamvu chifukwa cha mdima, koma munthu uja atagwa kachitatu ndinamva phewa lake likugwedezeka. Ndinayesa akulira. Ayi ndithu, ankaseka, kuseka kwa mawu okhakhala ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe nthawi yaitali.

Potuluka anapita yekha kwa bambo, amene ankakulunga filimu, n'kunena kuti, "Takhuta." Ndiko kuthokoza kwa Chisena, ndipo anali mawu ake oyamba chibwerereni kwathu. Bambo anayenda njira yonse yobwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo, akuuza aliyense wokumana naye. Zoonadi, kuchokera tsiku limenelo mawu anayamba kutuluka, limodzilimodzi. Ankapempha madzi, ankandiitana dzina langa la Esinati, ndipo tsiku lina ananditcha waulesi chifukwa ndinasiya mbale zosatsuka. Mayi atamva anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Anaonera ndi ife filimu ya njovu, anaonera ya zombo, ndipo ankatsanzira kayendedwe ka munthu wa penti uja pabwalo. Mitambo inali itayamba kuunjikana kumapiri a ku Thyolo, koma sitinkaiopanso.

Kenako kunabwera chitini chimene ndinachidikira moyo wanga wonse, filimu ya okwera mahatchi. Bambo anati imeneyi ndiyo mfumu ya mafilimu onse, anaionera iwo ali mnyamata ku Limbe, ndipo sanaiiwale. Anaionera okha Lachisanu monga mwa chizolowezi chawo, n'kubwera kunyumba akuimba likhweru. Pa chakudya anafunsa mayi zaka za Chanaze. Mayi anati anabadwa chaka chimodzi ndi ine, chaka chimene Shire anasefukira, iye ndiye anatsogola ndi miyezi ingapo. Bambo anati basi, wafika msinkhu. Mayi anasiya kudya n'kufunsa kuti, "Kodi bambo a Esinati, mulibe zoopsa m'menemo?" Bambo anayankha kuti, "N'yoyera, mayi. A boma anaidula kale, patsala pamodzi pokha pamene ndidzaphimba." Mayi anayambanso kudya, chifukwa kwa tonsefe filimu yoipa inali ya zochititsa manyazi basi.

Loweruka limenelo kunatentha moti mpweya unkaoneka ukuvina pamwamba pa msewu. Mu holo munkanunkha thukuta, masaka ndi mtedza wokazinga. Monga mwa nthawi zonse kunayamba zithunzi za mtsogoleri wa dziko akuyendera minda, ndipo tonse tinaomba m'manja mwamphamvu, chifukwa achinyamata a chipani ankaima m'mbali kuyang'ana manja aulesi. Kenako nyimbo inalira, mahatchi anatulukira pa chigwa chachikulu chouma chonga cha ku Chapananga. Munali banja lina la alimi lokhala lokha kutali ndi anthu, bambo, mayi ndi ana. Munalinso mwamuna wamtali wa hatchi yoyera, amene ife tinkangomutcha mwini filimu. Chanaze ankatafuna mtedza, akuseweretsa miyendo pansi pa benchi.

Mwini filimu anatsanzikana ndi mkazi wina pafupi ndi khola, nkhope zawo zinayamba kuyandikana, ndipo dzanja la bambo linatsika. Mdima bii. Anyamata anakuwa monga mwa masiku onse, ife tinaseka, ndipo ndinamva Chanaze akuseka nawo. Bambo atachotsa dzanja, zinali zitasintha. Anthu ambiri a mfuti anali atazungulira nyumba ya alimi ija, wina anaponya muuni pa denga, moto unakwera. Bambo wa m'nyumbamo anatuluka manja ali m'mwamba, anamuwombera pakhomo pomwepo. Mkazi wake anakankhira kamwana kunsi kwa ngolo n'kukauza ndi chala pakamwa kuti kakhale chete. Holo yonse inkakuwa mosangalala, kuitana wa hatchi yoyera.

Mtedza wa Chanaze unatayikira pa mapazi anga. Ndinamuyang'ana m'kuwala kwa moto wa pa khomawo, ndipo nkhope yake sinali ya mwana. Ndinamugwedeza n'kumunong'oneza kuti, "Usaope, si zenizeni. Dikira, mwini filimu akubwera, amabwera nthawi zonse." Sanandimve. Anatsegula pakamwa n'kutulutsa mfuu imodzi yaitali imene inapyoza phokoso lonse la mu holo. Bambo anaizindikira, ndipo anachita chimene dzanja lawo linazolowera, anaphimba diso la makina. Koma dzanja limaphimba chithunzi chokha, mawu amapitirira. Tinakhala mu mdima wandiweyani, mfuti zikulira, moto ukuthetheka, mkazi akukuwa, anthu osaoneka akuthamanga. Pamene bambo anakumbukira kuzimitsa makina, malo a Chanaze pa benchi anali opanda munthu.

Tinatuluka panja, dzuwa linatithobwa m'maso. Bambo anathamanga uku ndi uku akufuula dzina lake, thukuta likuyenderera, ndipo sindinawaonepo ali ndi mantha otero. Odula nzimbe ena amene ankaweruka anaika zikwanje pansi n'kuyamba kufuula nawo. Mantha a onse anali akuti walowa m'munda wa nzimbe, chifukwa madzulo amenewo ankayenera kuyatsa mbali ya kumadzulo, ndipo munthu wina anakwera njinga kukauza oyatsa kuti adikire. Mayi anafika akuthamanga opanda nsapato. Atamva zimene zinachitika anauza anthu onse kuti atseke pakamwa. "Musamuitane," anatero. "Mwana amene anabisalapo sayankha amuna akamaitana dzina lake. Muyang'ane pansi, m'maenje."

Amene anamupeza ndi mayiwo, dzuwa litapendeka, m'chipaipi chachikulu chimene ngalande imadutsira pansi pa msewu. Anali atagona chafufumimba m'matope, manja onse awiri atatseka pakamwa pake. Mayi sanamukoke. Anakwawira momwemo ndi chitenje chawo chatsopano, anagona pambali pake, ndipo tinkangomva mawu awo otsika a Chisena akutuluka m'chipaipimo. Patapita nthawi anatuluka atamubereka kumbuyo ngati khanda, miyendo yake yaitali ikulendewera. Podutsa pamene panaima bambo, Chanaze anabisa nkhope m'khosi mwa mayi. Bambo anakweza dzanja kuti amugwire pamutu, kenako analibweza n'kuliika m'thumba.

Mawu aja anabwerera kumene anachokera. Anasiyanso kupempha madzi, anasiya kundiitana, anabwerera kunsi kwa bedi. Bambo akalowa m'nyumba iye ankatuluka. Ine ndinkakhala naye pakhonde kumufotokozera mobwerezabwereza kuti anthu aja ndi ochita sewero, magazi aja ndi penti, wowomberedwayo amadzuka n'kupita kwawo kukadya. Ndinafunsa anzanga amene anaonera filimuyo ndi akuluakulu mmene inathera, n'kudzamuuza kuti wa hatchi yoyera anabweradi, anapha oipa onse, kamwana kaja kanapulumuka. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso ake aakulu aja, osakwiya, n'kutembenukira kwina. Mayi ndi bambo sanakangane ife tikumva. Loweruka lotsatira bambo anabweretsa kunyumba nkhani yoti kwabwera filimu ina yoseketsa, ndipo mayi anangowayang'ana mpaka anasiya kulankhula.

Mvula yoyamba inagwa ndi mphepo yaikulu, inasasula denga la khola la nkhuku, dothi linanunkhira. Ine ndinkapemphera kuti msewu wa ku Nsanje uduke. Sunaduke, ndipo a Rozina anafika m'mawa wina atafunda thumba la pulasitiki kumutu. Sanafunse chilichonse. Chanaze atawaona anathamanga n'kuwakumbatira m'chiuno, osatulutsa mawu, ndipo yankho linali lomwelo. Mayi anayamba kunena kuti mwanayu anali atayamba kulankhula, anali ataseka, afunse aliyense pa malaini pano. Koma anali atalonjeza kuti sadzaletsa. Analowa m'nyumba n'kumanga kamtolo, diresi langa la maluwa, ufa ndi sopo.

Bambo anavala malaya awo a ku tchalitchi n'kukhala pansi pa dothi lonyowa patsogolo pa a Rozina, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira munthu wamkazi. "Mundikhululukire, mayi," anatero. "Ndinafunsa zaka zake zokha." A Rozina anati palibe mlandu, mlandu uli ndi amene anayatsa nyumba ya makolo a mwanayo. Tinawaperekeza mpaka pa msewu waukulu. Basi itafika Chanaze anakwera osacheuka, koma atakhala pa zenera anaika chikhato chake pa galasi, ndipo ine ndinathamanga m'mbali mwa basiyo mpaka mpweya unandithera. Nkhondo itatha anthu a mu msasa anabwerera kwawo. Mayi anafunsafunsa kwa zaka zambiri kwa amalonda odutsa ku Marka, koma palibe anatiuza zomveka za iye.

Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti Chanaze anachoka chifukwa sanamvetse kanema. Ndinkati mwana wa kumudzi, sanadziwe kuti zimene zili pa khoma ndi zithunzi chabe, ndipo akanangopirira pang'ono akanaona wa hatchi yoyera akutulukira, mtima wake ukanakhala pansi. Ndinkamva chisoni kuti anathawa filimu isanafike pokoma. Ndakula tsopano, ndalera ana, ndaika maliro a bambo ndi mayi, ndipo ndikuona kuti amene sitinamvetse ndi ife. Holo yonse tinkakuwa mosangalala chifukwa tinkadziwa kuti wina abwera kudzapulumutsa kamwana ka kunsi kwa ngolo. Chanaze anali atagonapo malo ngati amenewo, atatseka pakamwa, akudikira. Iye yekha mu holo monsemo ndiye ankadziwa kuti sikubwera munthu.